Mlatho Wodandaulira Mayi wa Matimati

M'dziko la Tidzaona, m'masiku a mfumu Sindimva Wachitatu, kunali mayi wina wogulitsa matimati dzina lake Elube Nazimbiri. Ankakhala kutsidya kwa mtsinje wa Kokolola, kumene kunali madimba. M'mawa uliwonse ankasenza dengu n'kuwoloka mlatho wamatabwa kupita ku msika wa Tsitsani, m'munsi mwa phiri la Mawamawa pamene panali nyumba ya mfumu. Mlathowo anthu ankangoti pa Gwedegwede. Unamangidwa Elube asanabadwe, ndipo lole ikamadutsapo unkalira ngati chitseko cha khola.

Elube anali mayi wosachedwa kuseka, koma foni yake inkamusowetsa mtendere. Kwa zaka zitatu anthu osawadziwa ankamuimbira. Wina ankafuna ntchito ya ulonda, wina malata a tchalitchi, wina ankati kumudzi kwagwa zovuta, galimoto itumizidwe. Poyamba ankawafotokozera mwaulemu kuti alakwitsa nambala. Kenako anatopa, n'kumangoti, "Kuno kuli matimati okha, bambo. Mukawafuna bwerani." Anzake ankamuuza kuti asinthe nambala, koma iye ankakana poti amalesitilanti onse ankadziwa yomweyo.

Chimene sankadziwa n'chakuti gwero la vutolo linali paphiri. A Mlekeniadye, Nduna ya Milatho ndi Zowolokera, munthu akawapempha nambala ankasintha manambala awiri akumapeto kuti asavutitsidwe. Anachita zimenezi kwa nthawi yaitali mpaka pakamwa panazolowera, moti nambala yabodzayo inkatuluka yokha ngati Ameni. Ndiye inali ya Elube.

Chaka chimenecho mfumu inapita kukacheza kutsidya kwa nyanja yaikulu, n'kubwerako ndi nkhani yoti kumeneko milatho imalankhula. Ikayamba kuola imanena yokha, eni ake n'kuikonza isanagwe.

"Ngati milatho ya anthu ena ikulankhula," inatero mfumu m'bwalo, "yathu yakhaliranji chete? Kodi ndi yosaphunzira?"

Nduna zinawomba m'manja. Pasanathe miyezi iwiri kunafika akatswiri ndi mabokosi a tizipangizo toyezera chinyezi m'matabwa. Anagula tokwanira milatho khumi ndi iwiri, koma mabokosi khumi ndi limodzi anasochera pakati pa doko ndi nyumba yosungiramo katundu, kamtunda koti munthu amakamaliza asanathe chimanga chimodzi chootcha. Lotsalalo linapita pa Gwedegwede, poti ndi pamene mfumu inkapaona ili pakhonde pake.

Tsiku lotsegulira, Elube anaimirira m'chigulu ndi dengu lake. Mfumu inalankhula nthawi yaitali, ndipo itafika poupatsa mlathowo dzina latsopano, chimkuzamawu chinazima. Anthu anangoona milomo ikuyenda, nawomba m'manja mwa chizolowezi. Pamapeto akatswiri anapempha a Mlekeniadye nambala yoti mlatho uzitumizako mauthenga. A Nduna anaitchula mosajejema, akatswiri n'kuilemba, n'kukwera galimoto zawo kubwerera kwawo.

M'mawa mwake, Elube akumanga nkhata, foni inalira pamphasa. Amene anaitola anali mwamuna wake, a Yotamu, telala wofatsa amene sankakweza mawu ngakhale singano itawabaya. Anawerenga, n'kuwerenganso, kenako anakhala pampando.

"Mayi a Lonjezo, Dekhani ameneyu ndi wa kuti?"

Elube analanda foni. Uthengawo unkati: "Ndine Dekhani. Kunsi kwanga kwanyowa, 24. Chonde bwerani mudzandione."

"Ndi olakwitsa nambala omwe aja," anatero.

"Omwe aja amapempha malata. Uyu akupempha inu."

Elube anayesa kuimba nambala yotumizayo, koma sinkalowa. Mawa lake uthenga unabweranso nthawi yomweyo, mkucha wake chimodzimodzi. A Yotamu anasiya kudya ndiwo zophika Elube, n'kumangotafuna mtedza pamakina awo. Tsiku lachinayi anavala jekete, nati nkhaniyi ipite kwa ankhoswe.

Nkhoswe ya Elube anali amalume ake, a Zakeyu Mbedza, kalipentala wa zaka zambiri amene chala chawo chimodzi chinatsala m'macheka kalekale. Anawapeza akupala chitseko pansi pa mtengo wa mango. A Yotamu anafotokoza mlandu wonse maso ali pansi, n'kupereka foni ngati mboni. A Zakeyu anavala magalasi, anawerenga, ndipo anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Apongozi, mdani wanuyu ndikumudziwa. Ndi wamtali mapazi makumi asanu ndi atatu, ndipo inu mumamuponda tsiku ndi tsiku."

Anafotokoza kuti iwo ndi amene analembedwa ganyu yoboola mitanda pamene akatswiri ankaika tizipangizo tija. Ali pansi pa mlatho anaona dzina lakuti Dekhani litalembedwa pabokosi, ndipo anamva womasulira wa kunyumba ya mfumu akukonza mawu a uthengawo, poti bwalo linalamula kuti mlatho uzilankhula chinenero cha makolo, ndiponso mwaulemu.

"Tinthu timeneti ife tinatitcha nkhupakupa, poti timamatirira kumimba kwa mtanda," anatero a Zakeyu. "Kalikonse kali ndi timisomali tiwiri tolowa m'thabwa. Kamatumiza kamoto kamagetsi kuchoka pamsomali wina kupita pa unzake. Thabwa louma limakaniza, lonyowa limalola. Ndiye kamawerenga. Nambala ikakhala pansi pa 20, palibe nkhawa. Ikapitirira n'kukhalitsa, chuku chimalowa, thabwa n'kuyamba kudyeka m'kati, kunja likuoneka bwinobwino ngati munthu wovala suti ali ndi njala."

"Ndiye 24 ndi zoipa, amalume?"

"Ndi chifuwa chongoyamba. Koma mvula ikubwera."

A Yotamu anavula jekete, n'kufunsa ngati kunyumba kunatsalako ndiwo za dzulo.

Elube sanafune kusunga katundu wa eni. Lolemba anasiyira mnzake benchi, n'kukwera phiri kupita ku ofesi ya Unduna wa Milatho. Atadikira mpaka dzuwa kufika paliwombo, anamulowetsa kwa mlembi wa tayi wofiira.

"Mayi, mauthenga a mlatho amapita ku foni ya a Nduna," anatero mlembiyo. "Foni ya a Nduna sinalandire kalikonse. Choncho mlatho uli bwino."

"Nanga awa?"

"Amenewo si aboma, poti ali m'foni yanu."

"Ndiye atengeni akhale aboma."

"Sitingalandire uthenga umene sunatumizidwe kwa ife. Kalembeni kalata."

"Kalatayo ndidzapereke kwa yani?"

"Kwa ine."

"Si mwaimva kale nkhaniyi, achimwene?"

"Ndaimva ndi makutu. Sindinaimve ndi chidindo."

Kalata analemba, a Yotamu ndi amene anaikongoletsa ndi mawu aulemu, koma inalowa m'kabati ya mlembi n'kugona momwemo. Sabata yomweyo wailesi ya ufumu inalengeza kuti chiikireni tizipangizo tamakono, mlatho sunadandaulepo ngakhale kamodzi, zomwe zikusonyeza kuti ngakhale matabwa ndi okhutira ndi ulamuliro wa mfumu. A Mlekeniadye anavekedwa mendulo.

Elube anaganiza kuti ngati paphiri safuna kumva, kumsika kuli makutu. Anang'amba katoni ya sopo, analembapo nambala ya tsikulo ndi khala, n'kuitsamiritsa pamulu wa matimati. Tsiku loyamba anthu ankayesa mtengo watsopano, ena n'kuyamba kunenerera. Atawafotokozera, nkhani inayenda msika wonse, kuchoka kwa ogulitsa kaunjika mpaka kwa opha mbuzi.

Mvula inayamba, nambala n'kumakwera. Itafika 26, madalaivala a malole anayamba kutsitsa anthu kuti awoloke wapansi. Itafika 29, angolo anayamba kuzungulira kumtunda kumene madzi amalekeza m'mawondo, ngakhale kunali kutali. M'mawa uliwonse pabenchi pa Elube pankadzaza anthu, ndipo poti munthu sangangoyang'ana katoni n'kuchoka chimanjamanja, matimati ankatha dzuwa lisanatenthe.

"Wailesi yati mlatho ndi wouma," anatero bambo wina wobwera kumene mumsikamo.

"Wailesi siwoloka," anayankha mayi wogulitsa utaka pafupi ndi Elube, osadzutsa n'komwe mutu.

"Koma akuti ndi akatswiri anayeza."

"Eya, ndipo zotsatira zake ndi izo zatsamira matimatizo."

Tsiku limene nambala inafika 33, a Zakeyu anatenga Elube n'kutsika naye pansi pa mlatho. Kunkanunkha ngati nkhokwe yodontha. Anamuonetsa dothi, makoko a nzimbe ndi zitsononkho zimene zinatseka mipata ya matabwa, moti madzi ankangokhazikika pamitanda osatsika. Kenako anatulutsa sikuludiraiva m'thumba, anailoza pamtanda wachitatu, n'kukankha ndi dzanja limodzi. Inalowa yonse mpaka pachigwiriro.

Elube sanaseke tsiku limenelo. Anawoloka pobwerera akuponda m'mphepete.

Ndiye kunabwera chilengezo. Patsala masabata atatu kuti mfumu ikwanitse zaka khumi ili pampando. Pa tsikulo amayi onse a mumsika, mazana atatu, adzaima pamlatho atavala nsalu ya nkhope ya mfumu, n'kumavina pamene galimoto ya mfumu ikudutsa, pambuyo pake lole yonyamula chiboliboli chake chamkuwa. Wosabwera adzalandidwa benchi. Pamndandanda panali dzina la Elube, ndiponso la mwana wake Lonjezo, amene ankagulitsa mandasi ali ndi khanda kumsana.

M'mawa mwake Elube analemba 33 pakatoni, ndipo m'munsi mwake anawonjezera mawu awiri: "Mlatho waola." Dzuwa lisanapendeke, asilikali awiri a mfumu anabwera kudzamutenga, katoni n'kuinyamula ngati umboni. Mmodzi anamunong'oneza m'njira kuti amukhululukire, nayenso amayang'ana katoniyo asanawoloke.

Bwalo la mfumu linali chipinda chachikulu chokhala ndi mipando yofewa makumi awiri ndi iwiri ya nduna, ndi umodzi wautali wa mfumu. Elube anagwada pakati, foni ili pamiyendo. Nduna ya Mphekesera ndi Zotsutsa inawerenga mlandu: kufalitsa chinyezi popanda chilolezo, ndi kunyoza matabwa a ufumu pamaso pa ogula.

A Mlekeniadye anaimirira, mendulo ikulendewera pamimba.

"Mfumu yanga, inu amene mvula imakupemphani isanagwe, ine foni yanga ndimagona nayo, ndimadya nayo, ndimasamba ili pafupi. Mlatho sunanenepo kanthu. Mayiyu watenga khala, chinthu chakuda, n'kudetsa nalo mbiri yoyera ya dziko lino. Kodi khala linapita kusukulu iti? Lero akuti mlatho waola, mawa adzati msewu wakumbika, mkucha adzati m'chipatala mulibe mankhwala. Tikalekerera makala, dziko lino lidzatha."

Nduna zinawomba m'manja. Ina inapempha kuti makala aletsedwe m'misika yonse. Ina inati bwino kumanga makatoni. Nduna ya Zachitetezo inati nkhupakupa zomwezo zifufuzidwe, poti ndi zobwera ndipo palibe akudziwa amene zikumugwirira ntchito.

Mfumu inkamvetsera itatseka diso limodzi. Kenako inaloza Elube ndi litchowa.

"Mayi, manambalawa mumawatenga kuti?"

Asanayankhe, foni inalira pamiyendo pake, poti chipitirireni 30 mlatho unkatumiza uthenga katatu patsiku. Mfumu inalamula kuti awerenge mokweza.

"Ndine Dekhani," anawerenga Elube. "Kunsi kwanga kwanyowa, 34. Chonde bwerani mudzandione."

Mfumu inatsegula diso lija.

"Dekhani ndi dzina la malemu amalume anga. Ndinalipereka ndine pamlathopo, ndipo chimkuzamawu chinali chitazima. Mayi wa matimati akanalipeka bwanji?" Inatembenukira kwa a Mlekeniadye. "Akatswiri aja munawapatsa nambala iti?"

"Yanga, mfumu. Yomwe ija muli nayo inuyo."

Mfumu inatulutsa foni yake m'thumba la mkanjo, inafufuza dzina la nduna, n'kuimba. Kenako nyimbo ya kwaya inayamba kulira pamiyendo pa Elube.

"Yankhani," inatero mfumu.

Elube anaika foni kukhutu. "Halo."

Mfumu inamvetsera mawuwo m'foni ndi m'chipinda nthawi imodzi, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mawu awa ndikuwadziwa. Si inu munandiuza chaka chatha kuti ngati ndikufuna nduna ndikaifunefune kumowa?"

Elube anachotsa foni kukhutu. Anakumbukira bambo wina wa mawu okhuthala amene ankaimba Lamlungu lililonse n'kumafunsa mwaukali kuti, "Muli kuti?"

"Sindinadziwe kuti ndinu, mfumu. Munkalankhula ngati munthu wamba amene wakwiya."

"Ndinali munthu wokwiya ndithu. Ndinkayesa ndinu akazi awo a Nduna, ndipo ndinkawamvera chisoni."

Mfumu inaseka mpaka litchowa kugwa, nduna nazo n'kuseka, kupatula a Mlekeniadye amene ankayang'ana nsapato zawo ngati aziona koyamba. Elube anapuma. Anaganiza kuti nkhani yatha, mlatho ukonzedwa.

Koma ku Tidzaona chilengezo chikatuluka sichibwerera m'kamwa. Nduna ya Malamulo inaimirira n'kukumbutsa bwalo kuti wailesi inanena kale kuti mlatho ndi wouma, nsalu zinasindikizidwa kale, ndipo alendo anaitanidwa.

"Vuto si mlatho, mfumu, vuto ndi 20. Anaika malire amenewa ndi anthu akunja, osadziwa kupirira kwa matabwa athu. Ndikupempha bwalo likhazikitse lamulo lakuti m'dziko lino kuola kumayambira pa 50."

Manja makumi awiri ndi awiri anakwera m'mwamba. Mlembi anadinda. Mlatho unauma pomwepo mwalamulo, ndipo Elube anauzidwa kuti wakhululukidwa, azipita akakonzekere gule.

Elube sanadzuke. Anaona Lonjezo m'maganizo mwake, khanda kumsana, akuponda pamtanda umene sikuludiraiva inalowa ngati mu papaya. Anadziwa kuti akatsutsa lamulo agona m'chitokosi, ndipo amayi adzavinabe. Anawomba m'manja katatu mwaulemu.

"Mfumu, ndiloleni kamodzi kokha. Ine ndine munthu wa kudimba, za malamulo sindizidziwa. Mwati wauma, ndiye wauma. Koma pali chimene chikundiwawa. Pakati pa mlatho paja ndi pamene makamera onse adzaloze. Malo aulemu otero mwapereka kwa ife onunkha anyezi ndi utaka, pamene nduna zanu, zimene zakutumikirani zaka khumi osatopa, zidzakhala kutali m'matenti ngati alendo. Anthu akunja akadzaona zithunzi adzati mfumu ya Tidzaona ilibe nduna. Ife tisawalande ulemu akuluakuluwa."

Mfumu inamuyang'ana nthawi yaitali. Elube anaona kuti pakona pa mlomo wake pakugwedera ngati ikubisa kuseka.

"Mayiyu wanena zoona," inatero. "Ndakhala ndikukulakwirani, nduna zanga. Pa tsikulo mudzaima pamlatho ndinu, nonse, ndi akazi anu, pamtanda wachitatu. Mudzavina pamene chiboliboli chikudutsa pakati panu. Ine ndidzaonerera ndili pamtunda kuti ndione bwino, ndipo ndidzawoloka pambuyo. Amayi a mumsika akakhale m'matenti."

Nduna zinawomba m'manja, koma kuwomba kwake kunali ngati kwa anthu amene agwira mazira.

Zimene zinachitika m'masiku otsatira anthu a ku Tsitsani amazikambabe. Kutacha, Elube popita kumsika anapeza malole atatu ataima kutsidya, atadzaza mitanda ya mlombwa youma bwino. Mtanda wina unali ndi manambala a choko osonyeza kuti unali wa denga la nyumba yatsopano ya Nduna ya Malamulo. Phula linapezeka. Mabawuti anapezeka. Mabokosi khumi ndi limodzi aja anatulukira okha m'galaja ya munthu wina amene sanatchulidwe dzina. A Mlekeniadye anafika kwa a Zakeyu m'mamawa atavala majombo, chipewa chili m'manja.

"Akatswiri, tithandizeni. Chilichonse mungafune, nenani."

"Ndikufuna amuna makumi atatu odziwa kugwira hamala, ndi kuti pasabwere munthu wodzalankhula," anayankha a Zakeyu.

Wailesi inalengeza kuti mlatho watsekedwa kwa masiku ochepa kuti aukongoletse. Anthu ankawolokera kumtunda, nsalu atakwinyira m'mawondo, akuseka.

"Kukongoletsa kwa chaka chino n'kozama," anatero mayi wa utaka uja. "Ayambira ku mafupa."

Tsiku lochotsa mtanda wachitatu Elube anapita kukaona. Amuna asanu ndi atatu anaumanga zingwe kuti aukoke, koma unathyoka pakati usanafike pamtunda, m'kati mwake n'kukhuthuka zinthu zofiirira ngati gaga wonyowa. A Mlekeniadye anatola chidutswa, anachifinya m'manja, madzi n'kudontha. Anakhala pamwala. Patapita nthawi anaitana Elube ndi dzanja.

"Mayi, pamenepa m'pamene ndikanaima?"

"Pamenepo m'pamene akanaima mwana wanga, bambo."

A Nduna anataya chidutswa chija. Anadzuka, n'kukagwira nawo chingwe cha mtanda wotsatira, ndipo akuti tsiku limenelo anatuluka matuza oyamba m'moyo wawo.

A Zakeyu anaika mitanda yatsopano, anaipaka phula pamwamba, anasiya mipata pakati pa matabwa kuti madzi azitsika, n'kubwezeretsa nkhupakupa zonse m'malo mwake. Anagwirizana ndi amayi a mumsika kuti Loweruka lililonse azisesa mipatayo. Kutatsala masiku awiri, foni ya Elube inanena 17, ndipo msika wonse unalulutira.

Tsiku la chikondwerero linali losaiwalika. Amayi mazana atatu anakhala pamipando m'matenti, akumwa zoziziritsa kukhosi, nsapato atavula. Pamlatho nduna makumi awiri ndi ziwiri ndi akazi awo zinavina monyang'ama, aliyense dzanja limodzi lili pafupi ndi chitsulo cha m'mbali. Lole ya chiboliboli inalowa pang'onopang'ono, inafika pakati, n'kudutsa. Mlatho sunalire n'komwe. Apo ndi pamene Nduna ya Malamulo inayamba kuvina zenizeni, mpaka jekete kung'ambika kukhwapa, amayi n'kuiimbira nyimbo yoipeka pomwepo. Elube anaseka mpaka misozi, mdzukulu wake ali pamiyendo.

M'mawu ake mfumu inayamikira utsogoleri wake woona patali, umene unazindikira vuto lisanachitike. A Mlekeniadye anakwezedwa kukhala Nduna ya Mafoni ndi Mauthenga, poti anasonyeza luso pa nkhani ya manambala. Ndipo bwalo linatulutsa lamulo lina: chinsinsi cha ufumu sichingakhale pakati pa matimati, choncho Elube apereke foni yake kunyumba ya mfumu.

Mlembi wa tayi wofiira uja ndi amene anabwera kumsika kudzaitenga, ndi pepala lodinda.

"Tandiwerengereni bwinobwino, achimwene," anatero Elube. "Sindifuna kulakwira lamulo."

"Mayi Elube Nazimbiri apereke foni imodzi, batire lake ndi tchaja chake."

"Basi?"

"Basi."

Elube anatembenuka ngati akufuna tchaja m'dengu, anatsegula foni kumbuyo, anasolola simukhadi ndi chikhadabo, n'kuimangirira pakona ya chitenje. Kenako anapereka foni, batire ndi tchaja ndi manja awiri. Mlembi anawerenga zinthu zitatu, anadinda, n'kumapita. Foniyo anakaiika m'bokosi lagalasi pakhomo la bwalo, msilikali n'kumailondera usana wonse. Madzulo ake a Yotamu anabwera ndi foni yakale ya mabatani imene kasitomala wina anaiiwala m'thumba la buluku zaka zapitazo.

Katoni inabwerera pamalo pake, ndipo palibe msilikali amene anaionapo, ngakhale onse ankadutsa pomwepo. Patatha sabata, galimoto yakuda yokhala ndi kambendera inaima pafupi ndi msika. Dalaivala anatsika, anayenda molunjika kwa Elube, anagula mulu umodzi wa matimati, maso ali pakatoni. Mawa lake zinabwera galimoto zitatu. Pofika mwezi wa mvula yambiri, m'mawa uliwonse pankakhala mzere wa madalaivala a mayunifolomu, aliyense ndi kajumbo kake.

Tsiku lina katoni inanyowa, khala n'kufufutika. Dalaivala wa a Mlekeniadye anaima nthawi yaitali akusankha matimati, akuwatembenuza uku ndi uku. Pomaliza anawerama n'kutsitsa mawu.

"Amayi, abwana akufunsa ngati matimati ali bwino lero."

Elube anayang'ana galimoto ija. Galasi lakumbuyo linali lotsitsidwa pang'ono, ndipo munkaoneka maso awiri.

"Kawauzeni kuti ali pa 18," anatero, akumuikira limodzi la basela. "Awoloke."